Miyala Yotchinga Bwalo ku Nkhulambe

Ambiri timalidziwa phiri la Mulanje kumaso kwake, kumene kuli minda ya tiyi ndi msewu wa phula wopita ku Muloza. Nkhulambe ali kuseri. Kuchokera pa boma la Phalombe, mutha kuzungulira phiri la Michesi kudzera ku Migowi ndi ku Chiringa n'kutsata msewu wolowera ku Muloza, kapena mutha kudula pa mpata wa Fort Lister, pakati pa Michesi ndi Mulanje. Mpata umenewu ndi womwe ankadutsamo amalonda a akapolo popita kunyanja yamchere, ndipo mu 1893 Angerezi anamangapo linga kuti awatsekere njira. Lero mumadutsa njinga zamoto zonyamula matumba a nandolo, mbuzi zomangidwa miyendo ndiponso anthu atatuatatu. Mukatsetsereka mbali inayo ndiye kuti mwalowa m'dera la Mfumu Yaikulu Nkhulambe, ndipo Mozambique mukuiona ndi maso.

Dzina la Nkhulambe enafe tinayamba kulimva pa wailesi mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula ya masiku angapo osalekeza. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo. Kuno madzi anatsika m'phiri pamodzi ndi matope, mitengo ndi miyala, n'kuwononga nyumba, minda ndi chipatala chaching'ono cha Nkhulambe. Misewu inaduka moti kwa masiku ambiri thandizo linkafika pa ndege ya helikopita. Akuluakulu a kuno amati Napolo anadutsanso, ndipo amayerekeza ndi wa mu Malichi 1991 amene anasesa Phalombe kuchokera ku Michesi. Zipsera zake zidakalipo. Pali minda imene inali ya chimanga koma tsopano ndi mchenga wokhawokha, ndipo pali miyala ina yaikulu ngati nkhokwe imene yangokhala pamene panali khonde la munthu.

Ife tinapita kumeneko nthawi yokolola nandolo, kagulu ka anthu odzipereka pa ntchito ya zaumoyo mumpingo, titanyamula sikelo, makina oyezera kuthamanga kwa magazi ndi timapepala tophunzitsira za madzi aukhondo. Abale amene anatilandira anati malo abwino okumana ndi anthu ndi pabwalo la mpira la m'mudzi mwawo. Galimoto yathu sinafike pabwalopo. Kutatsala mapazi ngati makumi atatu, msewu unatsekedwa ndi mzere wa miyala, ndipo mnyamata wina wa komiti anatiimitsa mwaulemu.

"Takulandirani akuluakulu. Koma galimoto ithere pomwepa. Katunduyo tikunyamulirani."

Miyalayo ndi yomweyo imene inatsika ndi Freddy. Anthu anaigubuduza kuchokera m'minda n'kuindandalika mozungulira bwalo, n'kusiya timipata tokwana munthu woyenda pansi kapena wokankha njinga yakapalasa.

M'tauni muli mapaki okhala ndi mpanda, mlonda ndi chikwangwani cha khonsolo. Kumudzi paki ndi bwalo, ndipo limagwira ntchito zambiri kuposa paki iliyonse ya ku Blantyre. Pansi pa mtengo wa mango wa kuchipata chakum'mawa m'pamene alangizi a zaumoyo amapachika sikelo ya ana tsiku la katemera. Chapompo amfumu amaweruzirapo milandu. M'mawa ana asukulu amadutsa pakati penipeni, masana amayi amayanika ufa pa mphasa m'mbali, madzulo atsikana amasewera mpira wamanja uku anyamata akuthamangitsana ndi wamiyendo. Tchopa amavinidwa pomwepo. Chimanga cha thandizo chimagawidwa pomwepo. Ndipo m'dera limene malo ambiri athyathyathya anakwiririka ndi mchenga ndi miyala, malo osalala otsala amakhala ngati mchere wa m'nyumba ya mphawi: aliyense akuufuna, ndipo ukatayika palibe wina.

Amfumu tinawapeza atakhala pampando wa ndalema pansi pa mango uja. Titapereka moni ndi kufotokoza ulendo wathu, mmodzi wa ife anafunsa za miyalayo.

"Wawa amfumu, kodi chinachitika n'chiyani kuti mutchinge chonchi?"

"Alendo athu, bwaloli linasanduka msewu," anatero. "Wakabaza akaona kuti msewu ukukhota, iye amadula pakati. Wofuna kuphunzira njinga amabwera pano chifukwa palibe mitengo yoti awombe. Koma pali ana. Mwana wina wa sikelo anathyoka mwendo amayi ake akuona. Sitinadikire wachiwiri."

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa nkhaniyi ndi ya masamu osavuta. Njinga yamoto imene ikuyenda makilomita 40 pa ola imadutsa mamita 11 pa sekondi iliyonse. Bwalo la mpira ndi lotalika pafupifupi mamita 100, ndiye kuti njingayo imalidula lonse m'masekondi 9. Munthu wabwinobwino, wosaledzera, amatenga pafupifupi sekondi imodzi kuchokera pamene waona mwana kufika pamene wagwira buleki. M'sekondi imeneyo njinga yayenda kale mamita 11, ndipo pa dothi la fumbi matayala sagwira ngati pa phula, amangotsetsereka. Mwana wa zaka zitatu amene akuthamangira mpira sayang'ana kumanzere kapena kumanja. Iye amadziwa kuti pabwalo ndi posewerera, ndipo sakulakwa.

Malole ogula nandolo nawo anali ndi mlandu wawo. Ankaima pakati pa bwalo n'kupachika masikelo, ndipo lole yodzaza matumba ikatembenuka pa dothi lofewa imasiya migula. Mvula ikagwa migulayo imasunga madzi, ndipo madzi ongokhala sabata imodzi kapena ziwiri ndi okwanira kuti udzudzu uswane. Dzuwa likabwera migula yomweyo imauma n'kukhala mbuna zobzungula akakolo a osewera. Tsopano ogula mbewu anawapatsa malo awo kumsewu. Amadandaula kuti alimi amazengereza kufika kumeneko, koma sitinaone aliyense atabwerera ndi nandolo wake kunyumba.

Si galimoto zonse zoletsedwa. Ambulansi imalowa, yonyamula maliro imalowa, ndipo mlangizi wa zaumoyo wobweretsa katemera amazimitsa injini pa miyala n'kukankha njinga yake mpaka pa mango. Zina zonse zimathera panja, kaya ndi lole yobweretsa timu ya mpira kapena yobweretsa kwaya.

Za galimoto anthu anagwirizana msanga. Nkhani imene inatenga misonkhano ingapo, mpaka ena kutuluka mokwiya, ndi ya mowa.

Lamulo lake ndi lakuti m'kati mwa miyala mowa sugulitsidwa, sulowa ndipo sumwedwa. Munthu akafika ataledzera n'kuyamba kusokoneza, achitetezo a m'mudzi amamuperekeza kunja. Wogwidwa koyamba amalipira nkhuku, wobwereza amakaonekera kwa amfumu ndipo nkhani imatha ndi mbuzi. Nkhukuzo zikagulitsidwa, ndalama zake amati zimagula mpira ndi mankhwala othira m'madzi akumwa.

Mayi wina wa komiti ya bwalo, amene alinso m'gulu loyang'anira mjigo, ndiye anatifotokozera chimene chinawawawa mtima amayi. Sizinali ndewu zokha, ngakhale ndewu zinalipo pafupifupi pa mpira uliwonse. Anati tsiku lotsatira mpira, ana ankadzuka m'mamawa kukatola timabotolo totayidwa kuti akagulitse kwa ogulitsa mafuta ophikira oyeza. Asanatitsuke, ankayamba atsanulira m'kamwa timadontho totsalira. "Mwana wa Sitandade 3 akudziwa kusiyanitsa kukoma kwa midoli," anatero mayiyo. "Waphunzira kuti? Pabwalo pathu pomwe pano."

Amene tili ndi zaka makumi anayi tikukumbukira bwino nthawi ya masacheti, pamene mowa waukali unkagulitsidwa m'timapepala ta pulasitiki pa mtengo wa switi, ana asukulu n'kumabisa m'masokosi. Boma linaletsa masacheti mu 2015, ndipo mu 2017 dziko linakhazikitsa ndondomeko yake yokhudza mowa. Koma mowa uja sunafe, unangosintha malaya. Unalowa m'timabotolo tating'ono totchipa timene timakwana m'thumba la malaya, ndipo kumalire ngati kuno wina umachita kuwoloka kuchokera tsidya. Malamulo a dziko amaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, amafunanso kuti wogulitsa akhale ndi chilolezo cha khonsolo. Pa pepala zonse zili bwino. Koma mnyamata wogulitsa midoli m'chikwama cha kumsana pa mpira wa kumudzi safunsa munthu chiphaso cha unzika.

Pano pali kusiyana kumene tiyenera kukumvetsa. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo a m'madera awo, ndipo ophwanya malamulo oterowo atha kutengeredwa kukhoti. Zimene agwirizana anthu a m'mudzi pansi pa mango si za mtundu umenewo. Mphamvu yake ili pa ulemu umene anthu amapereka kwa mfumu yawo ndi pa manyazi okaonekera pagulu utanyamula nkhuku. Tsiku limene anthu adzatope nalo, lamulolo latha, ngakhale miyala idakali pamalo pake.

Ndipo alipo amene silinawakomere. Tinacheza ndi mayi wina wamasiye amene amatcheza kachasu. Sanabise, ndipo sanatiope ngakhale anadziwa kuti ndife a mpingo umene sugwirizana ndi mowa. Munda wake unakwiririka ndi mchenga. Tsiku la mpira ndilo linali tsiku lake la malonda, ndipo ndalama ya fizi ya mwana wake wa ku sekondale inkachokera pamenepo.

"Inu abale anga mukuti ndisiye. Chabwino. Mwana wanga akabwezedwa kusukulu ndidzabwere kwa ndani?"

Funso limeneli silifuna ulaliki. Ife tikukhulupirira kuti lamulo la pabwalo n'labwino ndipo liyenera kukhalapo, chifukwa fizi ya mwana mmodzi singalipiridwe ndi chiwindi cha ana a anzake. Koma kunena zimenezi kwa munthu wopanda munda, iwe uli ndi nkhokwe, n'kosavuta kwambiri. Chimene tinaona chanzeru n'chakuti komiti inasunga malo abwino kwambiri a malonda, pafupi ndi pamene oonerera amakhala, n'kunena kuti oyamba kusankha akhale amayi amene ankagulitsa mowa, malinga abwere ndi zitumbuwa, mandasi, chinangwa chophika, nzimbe kapena thobwa la tsiku lomwelo. Ena anabwera. Mayi uja anati anayesa kawiri, ndipo phindu la beseni la zitumbuwa silifika pa la malita asanu a kachasu. Sitinamutsutse, chifukwa amanena zoona. Amayi a Dorika amene tinali nawo anakhala naye nthawi yaitali kukambirana za banki m'khonde ya m'mudzimo, ndipo pamene tinkachoka nkhaniyo inali isanathe.

Palinso chofooka china chimene aliyense amachiona. Mowa sunachoke m'mudzi, unangosuntha mapazi makumi asanu. Kuseri kwa miyala, pamene akabaza amaimika njinga zawo, m'pamenenso tsopano pamazungulira chikwama cha midoli. Ndiye kuti malamulo awiri aja anathamangitsa njinga ndi mowa pabwalo n'kukazikumanitsa pamalo amodzi. Mpira ukatha, dzuwa litapendeka, anyamata omwewo ndi amene amanyamula oonerera kubwerera kwawo.

Tinawayeza magazi angapo a anyamatawa, ndipo pocheza wina anati: "Madala, ine kamodzi kokha kamandichotsa mantha. Njira ya ku Fort Lister imafuna mtima." Mantha amenewo ndiwo amasunga munthu wa pa njinga. Mowa ukangolowa m'magazi, choyamba kugona ndi mbali ya ubongo imene imayeza ngozi, ndiye munthu amadzimva katswiri pa nthawi yomwe maso ake ayamba kuchedwa kuona za m'mbali, manja akuchedwa kugwira buleki ndipo thupi likulephera kudzilinganiza. Woyendetsa galimoto ali ndi matayala anayi omugwirira. Wa njinga yamoto ali ndi awiri, ndipo chomuimika ndi thupi lake lomwelo. Malamulo a pamsewu m'dziko muno amaika malire a magalamu 0.08 a mowa pa mamililita 100 a magazi, koma luso la kuyendetsa limayamba kutsika munthu asanafike n'komwe pamenepo, ndipo palibe amene amayenda ndi makina opumiramo pa mpira wa ku Nkhulambe. Chiwindi nacho sichifulumizidwa. Chimachotsa pafupifupi muyezo umodzi waung'ono wa mowa pa ola, ndipo kusamba madzi ozizira, kudya tchipisi cha pachiwaya kapena kutafuna chingamu sikusintha kanthu. Kachasu ndiye alibe n'chizindikiro chomwe chosonyeza ukali wake: wa lero atha kuposa wa dzulo kawiri, womwa osadziwa.

Tiganizirenso kumene wovulala amapita. Fupa lothyoka kwambiri kapena mutu wovulala sizithera pa chipatala chaching'ono. Ulendo wake ndi wa ku chipatala chachikulu cha boma la Phalombe, ndipo zikavuta ndi wa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, pa misewu imene nthawi ya dzinja galimoto imatitimira. Wodwalayo amafuna womudikirira, ndiye kuti anthu awiri achoka kumunda nthawi yolima. Mwendo umodzi wothyoka utha kudya nandolo wa chaka chonse. Pa akabaza amene tinawawerenga pamalo aja, ovala chipewa chodzitetezera anali ochepa, ndipo chipewa cha wokwera sitinachione n'chimodzi chomwe.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2024 kuti m'chaka cha 2019 mowa unachititsa imfa za anthu 2.6 miliyoni, ndipo 2 miliyoni mwa iwo anali amuna. Kumayambiriro kwa 2023 bungwe lomweli linanenetsa kuti palibe muyezo wa mowa umene tinganene kuti ndi wosavulaza thupi. M'nyumba zathu za Chiadiventi zimenezi si zachilendo, tinakula tikuphunzitsidwa kudziletsa. Koma kusamwa kwa ife sikutchinga mwana wathu amene akudutsa pabwalo pochokera kusukulu, ndiponso sikuyendetsa njinga imene mayi athu akwera pochokera kuchigayo.

Apa m'pamene tinaona kampata kathu. Mipira yaikulu yambiri imaseweredwa Loweruka, ife tili kutchalitchi, ndipo nkhani za bwalo timazimva Lamulungu ngati nkhani za kudziko lina. Abale a kumudziko anachita chinthu chimene tinachikonda. Anapempha kuti misonkhano ya komiti ya bwalo isamakhale pa Sabata, anthu anavomera, ndipo tsopano mkulu wina wa mpingo ndi mlongo wina wa achinyamata ali m'komitimo. Lamulungu m'mawa ana a Pathfinder amatola magalasi osweka ndi timabotolo m'mbali mwa miyala, atavala mapepala a pulasitiki m'manja, n'kukataya m'dzenje lakuya limene linakumbidwa kutali ndi mjigo. Ana ena a m'mudzi amene si a mpingo wathu anayamba kubwera okha. Timabotolo tikatoledwa ndi akulu akuyang'anira, palibe amene amatsanulira madontho m'kamwa.

Chiyeso chachikulu cha lamuloli si wakabaza kapena mayi wa kachasu. Ndi tsiku la bonanza, pamene munthu wina wamkulu wabweretsa chikho, mayunifomu ndi ndalama. Galimoto zake zimabwera mondondozana, zokuzira mawu zili pamwamba, anyamata ali pa lole atanyamula zomwe anyamula. Ndani angaimitse mlendo amene wabweretsa mphoto? Tinafunsa amfumu. Anaseka pang'ono, n'kunena kuti ulendo wina anachotsa miyala chifukwa cha ulemu, ndipo sabata yotsatira wakabaza aliyense amene anagwidwa ankafunsa kuti nkhuku ya bwana uja ili kuti. Kuyambira pamenepo amatumiza uthenga alendo asanabwere, kuti mpando wa ulemu ulipo, mthunzi ulipo, koma kuchokera pa miyala kufika pa mpandowo ndi mapazi makumi atatu ndipo aliyense amayenda. Ena amayenda akumwetulira, amadziwa kuti anthu akuona. Mmodzi akuti anasamutsira bonanza yake kumudzi wina, ndipo anyamata a timu anakwiyira amfumu mwezi wathunthu.

Masana a tsiku lathu lomaliza tinayeza anthu mpaka mabatire a makina anatha. Ambiri amene tinawapeza ndi kuthamanga kwa magazi sankadziwa, ndipo tinawalembera timakalata topita nato kwa achipatala. Pamene tinkagwira ntchitoyo, ana aang'ono ankakwawa pa fumbi patali ndithu ndi amayi awo, ndipo palibe mayi amene ankadzuka kukawatenga akamva kulira kwa injini kumsewu.

Akabaza nawo ali ndi pempho lawo limene komiti ikuliganizira. Akuti ngati awachotsa pabwalo, awapatse malo ena ophunzirirapo njinga, chifukwa kuphunzirira pamsewu n'koopsa kuposa. Amfumu analoza dambo lina la mchenga umene Freddy anasiya, pamene sipameranso kanthu. Anyamata akuti mchengawo ndi wakuya, njinga imazama. Wapampando wawo anavomera kuti wopezeka akumwa pamalo oimikapo njinga azilandidwa kiyi mpaka m'mawa, koma anati izi zitheka pokhapokha akabaza a midzi yoyandikana nayo avomerenso, apo ayi makasitomala angosamukira kwa iwo. Anagwirizana zokakumana kwa a gulupu mvula isanayambe.

Potuluka tinafunsa mnyamata wa komiti uja kuti ambulansi imalowa bwanji usiku, poti miyalayo ndi yolemera. Anatisonyeza miyala iwiri ya kumbali ya msewu imene anaipaka laimu. Ndi yaing'ono poyerekeza ndi inzake, yoti anthu awiri atha kuigubuduza, ndipo mabanja awiri okhala moyang'anana nayo anavomera kuti akamva hutala azidzuka. Laimuyo amasuluka ndi mvula, choncho anatipempha kuti tikadzabweranso tidzawatengere kathumba kamodzi kuchokera ku Migowi.